Anayamba Ndi Akumwamba

Adzukulu anga, khalani pansi. Ndikudziwa kuti simunabadwe. Mayi anu, Hawa, ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo pamene ndikulemba pano ali pakhonde, akulimbana ndi chivundikiro cha poto. Ine agogo anu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, imvi ndilibe ngakhale imodzi, ndiye musandiseke kuti ndafulumira kukalamba. Ndine munthu wankhawa chibadwire. Ndimaopa kuti ikadzafika nthawi yoti mundizungulire n'kumandifunsa zakale, ndidzakhala nditaiwala, kapena nditayamba kuithira mchere nkhaniyi monga amachitira okalamba onse. Ndiye ndati ndilembe lero, m'kope lomwe ndinkalembamo maphikidwe ku koleji. Masamba akutsogolo ndi a makeke ndi masupu. Inu muyambire kumbuyo kuno.

Nkhani yake ndi ya mano a mayi anu. Oidziwa tilipo atatu: ine, agogo anu aamuna a Yusufu, ndi mayi awo, omwe ndi apongozi anga. Mayi anu eni akewo sakuidziwa.

Koma ndiyambe ndi mwayi, chifukwa sindikudziwa ngati m'masiku anu mawu amenewa adzakhale akugwirabe ntchito. Mwina inu muzidzangofunsa foni kuti mawa kugwa chiyani. Ife kuno ku Chileka mwayi timadzuka nawo, timapita nawo kumjigo. M'manja mukamayabwa ndiye kuti ndalama ili m'njira. Chikope cham'munsi chikamavina, konzeka kulira. Ukapunthwa potuluka pakhomo, bwerera ukhale kaye pansi, ulendo uyambenso. Agogo anga amene anandilera ankasiyanitsa mwayi ndi mphumi. Mwayi, ankatero, ndi wa tsiku limodzi: wafika pasiteji minibasi yangoima kumene, kapena magetsi azima kuchigayo iwe utamaliza kale kugayitsa. Mphumi ndiye yobadwa nayo. Munthu wa mphumi akaponya nthanga za maungu padzala, maungu amabala mpaka ena kuolera pomwepo. Tsoka nalonso chimodzimodzi, lilipo la tsiku limodzi, lilipo lobadwa nalo. Ndipo lobadwa nalolo, ankati, limaonekera m'kamwa. Mwana amayenera kuyamba kumera mano am'munsi. Akayamba ndi akumwamba, ameneyo wabwera ndi tsoka la mudzi wonse. Ndinawafunsapo kuti kalekale ana otere ankatani nawo. Anangoti ana otere sankakula, kenako anandituma kukatenga lichero lomwe linali m'manja mwawo momwemo.

Masiku athu ano palibe amene angamuchite mwana choipa chifukwa cha mano. Amangomulankhula. Ku pulayimale tinali ndi mnzathu Enelesi. Palibe mwa ife amene anaona mano ake akumera, tinabadwa chaka chimodzi, koma mudzi wonse unkadziwa kuti anayamba ndi akumwamba. Amayi ogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu sankalola kuti iye akhale woyamba kugula. Ankamuimika pambali mpaka wina agule kaye. Nthawi yodzala kwawo sankamugwiritsa mbewu, ntchito yake inali kukwirira m'mbuyo mwa anzake. Timu yathu ya netiboli ikaluza, tonse tinkadziwa woyang'ana. Ndipo ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Tsiku la mayeso a Sitandade 8, Enelesi anandibwereka cholembera chifukwa chake chinauma. Ine ndinali nazo ziwiri m'thumba. Ndinamuuza kuti ndili nacho chimodzi, poopa kuti akachigwira tsoka lake linditsatira m'chipinda cha mayeso. Anangoti, “Chabwino, Felesiya,” n'kupita kukafunsa wina. Analibe ngakhale mkwiyo, anali atazolowera. Kenako kwawo anasamuka, ndipo sindikudziwa kumene ali. Mukamadzanditama kuti agogo ndi munthu wabwino, muzidzakumbukira cholembera chija.

Ine ndinakhoza, ndinapitiriza, ndinakatenga satifiketi ya zophikaphika mu Blantyre, n'kupeza ntchito pakantini ina pafupi ndi bwalo la ndege. Musaganize kuti ndinakwerapo ndege. Anthu a ku Lirangwe amayesa kuti ife a ku Chileka timakwera ndege popita kuchigayo, koma chomwe timapindula nazo ndi phokoso basi, ndi kudziwa nthawi popanda wotchi. Pakantini pajapo ndi pomwe ankadyera agogo anu a Yusufu, omwe ankanyamula katundu pabwalopo. Tsiku lililonse ankandifunsa ngati nyama yomwe ndaphika inachinjidwa bwino, poti iwo ndi Asilamu. Ndinkawayankha tsiku lililonse, mpaka ndinawatopera. Patapita miyezi itatu ndi pamene anzanga anandiuza kuti munthuyo amagula nyemba tsiku ndi tsiku, nyama sanaguleko n'kamodzi komwe.

Banja lathu silinalowe mophweka. Ine ndine wa kutchalitchi ndipo ndinanena poyera kuti sindisiya. Bambo a Yusufu anali atamwalira kale. Mayi awo, Abiti Jafali, amagulitsa mpunga ndi nyemba pamsika wa Lirangwe. Musawaganizire ngati agogo a nthano. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wa mafoni awiri m'kachikwama kam'chiuno, ndipo akamayeza mpunga m'mbale saseka ndi munthu. Atandiona koyamba anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amayang'anira thumba lochokera kwa wogulitsa wachilendo. Sanakane, sanavomere. Amene anakana mokweza anali azakhali a Yusufu, a Patuma, mlongo wa malemu bambo awo, omwe amagulitsa zitenje mabenchi awiri kuchokera pa Abiti Jafali. Iwo ananena kuti mkazi wokana kusintha amalowa m'nyumba ndi phazi loipa.

Ndiye taonani tsoka langa la tsiku limodzi. Patangotha milungu itatu chichitikireni chinkhoswe, mvula yoyamba inabwera ndi mphepo, inasasula denga la shedi pamsika, mpunga wa apongozi anga unanyowa. Panali mabenchi ambiri amene ananyowa tsiku limenelo, koma azakhali a Patuma anaona limodzi lokha. Ankauza aliyense kuti phazi lija layamba kuyenda. Kuyambira pamenepo, pakasweka kapu pa chikondwerero cha Idi, maso onse ankabwera kwa ine ngakhale ndikhale panja. Dzina langa kumeneko linali “uja wa ku Chileka”. Mimba yonse ya mayi anu ndinayenda nayo ndi mantha awiri, akuchipatala ndi a ku Lirangwe.

Hawa anabadwa mwezi wa Malichi, chimanga chachiwisi chili pakamwa pa aliyense. Dzinalo tinasankha dala chifukwa limapezeka mbali zonse ziwiri, kumzikiti ndi kutchalitchi. Pamwambo womupatsa dzina, pakati pa abale onse, Abiti Jafali anayankhula mokweza ngati akuitanira malonda. Anati tsiku limene mwanayu anabadwa, iwo anagulitsa matumba atatu a mpunga dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambireni geni yawo. Anamunyamula, anamusisita pachipumi ndi chala chachikulu, n'kunena kuti mwana uyu ali ndi mphumi.

Ana inu, simungamvetse mmene mawu amodzi amasinthira mpando wa munthu. Mwanayo atangolimba khosi, apongozi analamula kuti tsiku la msika lililonse ndizibwera naye m'mamawa kuti azitsegula thumba. Ndinapempha kukantini kuti tsiku limenelo likhale lopuma langa. Ndinkakwera minibasi kuchoka ku Chileka mpaka pa Kameza, pamenepo ndikwere ina yodutsa ku Lunzu. Ngati m'masiku anu maminibasi adzakhale atatha, dziwani kuti inali galimoto ya anthu khumi ndi asanu imene inkanyamula anthu makumi awiri, nkhuku ndi matumba a makala, ndipo kondakitala ankakhalira panja theka la thupi. Tikafika, Abiti Jafali ankamasula thumba, n'kulowetsamo kadzanja ka Hawa mpaka m'chigongono, kenako malonda ayambe. Amayi a tomato anayamba kupempha kuti tiwabwereke dzanjalo. A usipa nawonso. Tsiku lina azakhali a Patuma eni ake anabwera ngati akudutsa, n'kumugwiritsa mwanayo nsonga ya chitenje chatsopano. Ine anandipezera mpando, ankandigulira tiyi wamkaka ndi mandasi. Ndinasiya kukhala uja wa ku Chileka. Ndinakhala mayi a Hawa.

Ine wa satifiketi ndinkadziwa kuti dzanja la khanda siligulitsa mpunga. Koma tiyiyo ndinkamwa, ndipo ankakoma.

Zinagwa mu Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale agalu amasiya kuuwa. Mmawa wina ndikumudyetsa phala, sipuni inagunda chinthu, nge. Ndinasekerera, ndinati dzino lafika. Ndinasamba m'manja, ndinapisa chala kunsi. Kunali kosalala ngati kale. Ndinapititsa chala kumwamba. Analipo awiri, akuthwa ngati njere za mpunga zoimirira.

Ndinakhala pansi mbale ili m'manja mpaka phala linauma. Chimene ndinkaona m'maso mwanga si imfa kapena matenda ayi. Ndinkaona mwana wanga ataimikidwa pambali pachipata cha sukulu, akudikira kuti wina agule kaye. Ndinkadziwa kuti azakhali a Patuma akangoona, tsiku lomwelo msika wonse udziwa kuti phazi la mayi labala m'kamwa mwa mwana, ndipo dzina lotero munthu amakalamba nalo.

Ndinafufuza pafoni mpaka bandulo inatha. Paliponse ankati zilibe kanthu, ana ena amangoyamba choncho. Kusikelo ndinadikira amayi onse atuluke, ndinawafunsa anesi monong'ona ngati ndikufunsa za matenda ochititsa manyazi. Anandiyankha akulemba m'buku kuti mano ndi mano, mwana akukwera sikelo bwino, ndizimutsuka ndi kansalu koyera. Ankanena zoona. Koma anesiwo sagulitsa pamsika wa Lirangwe.

A Yusufu atabwera kuntchito ndinawaonetsa. Anaseka, anamunyamula mwana m'mwamba, anati wafanana ndi gologolo. Nditayamba kulira anadabwa.

“Fele, ndi mano awa, si nyanga.”

“Kwa inu ndi mano. Kwa azakhali anu?”

Pamenepo kuseka kunatha. Ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale mayi awo. Maka mayi awo. Ndinkaganiza kuti munthu amene anaimirira pagulu n'kulengeza mphumi, n'kuyamba kudalira dzanja la mwanayo pa geni yake, akadziwa kuti walowetsa tsoka m'thumba la mpunga miyezi yonseyi, sadzatikhululukira.

Ndiye ndinayamba kunama. Sabata yoyamba ndinati mwana ali ndi chimfine. Yachiwiri ndinati kukantini andikaniza tsiku lopuma. Yachitatu ndinati ine ndikumva mutu. Apongozi atapempha kuti amuone mwana pafoni, ndinati kamera yafa. Mafoni awo anayamba kufupika, mpaka anatsala a moni okha. Pakhomo pano napo sindinali pamtendere. Mayi anu anali atangophunzira kuseka ndi aliyense, ndipo ankaseka ndi kamwa lonse, manowo ali mbee. Kutentha konse kuja ndinkamubereka nditamufunditsa chitenje kumutu popita kumjigo. Popita kuntchito ndinasiya kumusiya kwa aneba, ndinkamugoneka kuseri kwa kantini m'katoni. Anthu akamamuseweretsa ndinkamutembenuzira kwina. Ichi ndiye chimandipweteka mpaka lero: ndinasiya kumuseketsa mwana wanga panja. Iye akandiyang'ana n'kuyamba kumwetulira, ine ndinkalimbitsa nkhope kuti atseke pakamwa. Tsiku lina ndinatenga kumbuyo kwa sipuni n'kumakhula nkhama zam'munsi kuti mwina atuluke msanga, mpaka mwana analira kulira kwa ululu. Ndinaponya sipuniyo kutali. Sindinachitenso.

Sabata yachinayi a Yusufu anapita kwawo Lachisanu, anabwerako nkhope itagwa. Anati mayi awo sakudya bwino. Anati azakhali a Patuma akuuza anthu kuti a kutchalitchi amutenga mwana, amubatiza mobisa, ndipo posachedwa timva kuti banja latha. Anandipempha kuti tingonena zoona. Ndinakana. Ndinati tidikire am'munsi amere. Tsiku lililonse ndinkapisa chala, tsiku lililonse kunali kosalala.

Sabata yachisanu, tsiku la msika lenilenilo, cha m'ma leveni ndikuchapa kuseri, ndinamva njinga yamoto ya kabaza yaima pakhomo. Nditazungulira ndinaona Abiti Jafali akutsika, fumbi lili mpaka m'zikope. Muyenera kudziwa kuti mayi amenewa sanatsekepo benchi tsiku la msika, ngakhale atadwala malungo ankagona pamatumba n'kumagulitsa chogona. Ndinagwada kuti ndiwapatse moni, thovu lili m'manja. Sanayankhe moniwo.

“Mwana ali kuti?”

Anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Anapita okha, anamuvula kadiresi, anayamba kumuyendera thupi lonse. Anamutsegula zikope, anamupapasa paliwombo, anamudina kumapazi kuona ngati atupa, anamutembenuza kuyang'ana kumsana. Pamenepo mayi anu, amene anali atakhala mwezi wathunthu osaona agogo awo, anagwira mpango wawo wakumutu, anaukoka, n'kuseka ndi kamwa lonse.

Apongozi anayang'ana. Anapisa chala kunsi, monga ndinachitira ine. Ine ndinali nditagwada kale, ndinangoyamba kukhuthula zonse ndikulira: chimfine chabodza, kamera yabodza, sipuni, Enelesi, zonse mosakaniza.

“Ndiye ndi zimenezi?” anatero. “Ine ndatseka benchi tsiku la msika chifukwa cha mano?”

Anavundikira ndowa yanga yochapira n'kukhalapo, mwana ali pamiyendo, napempha madzi akumwa. Atamwa anandiuza kuti milungu yonseyi ankaganiza zinthu ziwiri. China, kuti mwana wadwala matenda aakulu ndipo tikuwabisira. China, kuti zonena za a Patuma n'zoona, ine ndatopa nawo Asilamu. M'njira monse pakabaza ankapemphera kuti chikhale chachiwiricho, bola mwana akhale wamoyo. Ndinayembekezera kuti tsopano andiuza kuti ndine chitsiru, munthu wophunzira kuopa zinthu zakumudzi. Sanatero. Anafunsa ngati a Patuma aona. Ndinati ayi. Anafunsa za amayi a pamjigo. Ndinati ayi.

“Mwachita bwino,” anatero. “Chomwe mwalakwa n'kubisira ine.”

Anati kwawonso nkhani ya mano akumwamba imadziwika, ndipo a Patuma atati aipeze sangaisiye mpaka mwanayo atakwatiwa. Ndinalimba mtima, ndinawafunsa ngati iwowo amakhulupirira kuti mwanayu ndi watsoka. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa ndalama yong'ambika. Anati za m'tsogolo mwa mwana amadziwa ndi Mulungu, iwo chomwe amadziwa ndi pakamwa pa anthu. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira matumba atatu aja.

Ndinati ndingaiwale bwanji.

“Anali a ukwati wa kwa Matindi. Anthu aja anaitanitsa mwezi wathunthu mwana asanabadwe. Anangobwera kudzatenga tsiku limenelo.”

Ndinawafunsa ngati ndiye kuti anatinamiza tonse.

“Sindinaname. Ndinagulitsadi atatu dzuwa lisanafike pamutu.” Anamupukuta Hawa dovu ndi nsonga ya mpango. “Ine ndinkaona mmene ankakuyang'anirani, mayi a Hawa. Ndinati mwana uyu akangobadwa amupatsa phazi la mayi ake. Pamsika, woyamba kutchula mtengo ndi amene amaugwira, enawo amangonenerera. Ndiye ndinafulumira kutchula ine.”

Ndinawafunsa ngati geni inasinthadi chiyambireni Hawa kutsegula thumba. Anagwedeza phewa. Anati masiku ena imayenda, masiku ena siyenda, monga kale. Koma anthu amakonda kugula pabenchi pamene pali khanda loseka, ndiye mwina mphumi yake ndi imeneyo.

Ana inu, sindidziwa ngati munamvapo thupi likumasuka. Ndinamva njala. Milungu isanu ndinkadya ngati ndikumwa mankhwala, koma pamenepo ndinalowa m'nyumba, ndinakazinga mazira anayi, tinadya ndi apongozi anga mbale imodzi koyamba chikwatiwireni.

Nzeru yawo inali yachidule: tidikire. Akamera am'munsi, ndani angadziwe amene anayamba? Kumsika anakanena kuti ndi iwo amene aletsa mwana kuyenda m'maminibasi mpaka kutentha kuthe, ndipo woti atsutsane ndi Abiti Jafali pa nkhani ya mdzukulu wawo panalibe. Sabata iliyonse, tsiku lopanda msika, ankabwera ndi kachidutswa ka nzimbe kosenda bwino kuti mwana azitafuna iwo atagwirira. Akafika, moni asanathe, chala chili kale m'kamwa mwa Hawa, ngati mlimi wofukula phando kuona ngati mbewu yamera. Ine ndinayambanso kumuseketsa mwana wanga, ngakhale kunali kuseri kwa nyumba.

Pa masiku amenewo ndinaganiza kwambiri za zija ankanena agogo anga. Mwayi wa tsiku limodzi ulipodi, sindikana. Mphepo imasasula denga lako kusiya la mnzako, ndipo palibe chifukwa. Dzino limatulukira kumwamba kapena kunsi, palibe chifukwa. Koma mphumi ndinayamba kuikayikira kuti munthu amabadwa nayo. Ndikuona ngati amachita kumupaka anthu, monga timapakira mafuta khanda likatha kusamba, ndipo ikakhalitsa imalowa m'khungu. Enelesi analibe munthu woimirira pagulu n'kutchula mtengo wake poyamba. Kusiyana kwake ndi mayi anu n'komweko.

Am'munsi anatuluka ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala, ngumbi zitangoyamba kuuluka. Apongozi anati sabata yamawa tibwere. Ine, poti nkhawa ndi ntchito yanga, ndinawaonetsa kuti akumwamba ndi aatali, am'munsi angosuzumira, munthu wamaso aona kusiyana. Anayang'anitsitsa, anavomera kuti ndikunena zoona, tinawonjezera milungu iwiri.

Tinabwerera kumsika mu Disembala. Matope anali mpaka m'akakolo, mango ali mbwee paliponse, anthu akulimbirana feteleza ndi mbewu. Titangofika amayi a tomato anayamba kuitana kuti bwana wabwera, atibwereke dzanja. Hawa anatsegula thumba la agogo ake, anatulutsa dzanja lodzaza mpunga n'kuufuna kukamwa. Ndipo ndinaona azakhali a Patuma akubwera pang'onopang'ono, akupukuta manja. Anandipatsa moni wozizira, anandifunsa ngati kutchalitchi kuli bwino. Kenako anamunyamula mwana.

Mayi anu, osadziwa kanthu, anawasekera.

Azakhali anamugwira chibwano, anamupendekera kudzuwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinagwira m'mphepete mwa benchi.

“Akumwambawa akula bwanji,” anatero. “Kodi anayamba ndi ati?”

Funsolo linali la ine. Ndinatsegula pakamwa ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chikanatuluka. Abiti Jafali anali akuyeza mpunga wa kasitomala, sanadzutse ngakhale mutu.

“Alamu, inu anu atsala angati? Tiuzeni kaye amene anayamba kuchoka, kenako tiwerenge a mwana.”

Azakhali a Patuma ali ndi mpata waukulu kutsogolo, ndipo msika wonse umadziwa kuti mano amenewo anathera pa fupa la mbuzi tsiku la Idi, ngakhale eni ake amati anagwa panjinga. Amayi a tomato anayamba kuseka, a usipa anafunsa kuti kodi mbuzi ija inapepesa, kasitomala uja mpaka anakhala pansi pathumba. Azakhali anafuna kukwiya, koma kuseka kunawapitirira, anaphimba pakamwa ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali likadali pachibwano cha Hawa, ndipo iye anapeza chala pafupi, anachiluma ndi mano onse anayi.

“Iwe, ndakulakwira chiyani?” anatero akukupiza chala. Anamuyang'ananso, koma tsopano ankayang'ana nkhope, osati m'kamwa. “Tiye kuno. Miyezi iwiri zitenje zangokhala, anthu akungofunsa mtengo n'kumapita. Mayi a Hawa, musadzamusowetsenso choncho.”

Anapita naye kubenchi lawo, anamasula belo latsopano, n'kumuika kadzanja pamwamba.

Ine ndinakhala pampando wanga. Apongozi anamaliza kuyeza, anamanga jumbo, anapereka. Kenako, osandiyang'ana, anakankhira kwa ine kapu ya tiyi ndi mbale yoyezera, n'kunena chapansipansi kuti ndimwe, nkhope yanga ikuthamangitsa makasitomala.

Ndi imeneyo nkhani ya mano a mayi anu. Mukadzafuna kuwaseka nayo, dikirani kaye azakhali a Patuma atsogole, chifukwa mayi amene aja akhoza kukhala ndi moyo mpaka inu kukula, mano okha ndi amene alibe. Ndikanakonda kukulonjezani kuti inu mukadzabadwa sindidzapisa chala m'kamwa mwanu kufufuza kuti ayamba ndi ati. Koma ndimadzidziwa. Ndidzapisa, ndipo mtima udzagunda. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: tsiku lokupatsani dzina, abale onse atakhala pansi, wina aliyense asanatsegule pakamwa, woyamba kuyankhula ndidzakhala ine.